Mbiri ya Chikho cha Dziko Lonse cha Rugby: Zaka Zoyamba, 1987 mpaka 1995

Mpikisano wa chikho cha dziko lonse lapansi wa masewero a rugby, womwe umadziwika ndi dzina lakuti Rugby World Cup, umachitika kamodzi pa zaka zinayi zilizonse, ndipo matimu a mayiko amalimbirana chikho chotchedwa Webb Ellis Cup. Mpikisanowu unayamba m'chaka cha 1987 m'mayiko a New Zealand ndi Australia, patapita zaka 57 chiyambire chikho cha mpira wa miyendo. Chomwe chinauchedwetsa ndi mantha a akuluakulu a rugby pa nkhani ya ndalama, ndipo utayamba, funso lomwe linautsata kwa zaka zisanu ndi zitatu linali la dziko la South Africa ndi ulamuliro wake wa tsankho. Timu ya dziko la Zambia siinafikepo pa mpikisanowu, koma mzinda wa Lusaka uli ndi malo ake m'mbiriyi, pa mbali ya ndale ndiponso pa mbali ya osewera.

Masewerowa asanakhale ndi chikho

Rugby inatenga dzina lake ku sukulu ya Rugby m'dziko la England. Nkhani yomwe imakambidwa kawirikawiri ndi yakuti m'chaka cha 1823 mnyamata wina wa pasukulupo, William Webb Ellis, ananyamula mpira m'manja ndi kuthamanga nawo. Akatswiri a mbiri yakale amaitenga nkhaniyi ngati nthano, popeza inayamba kulembedwa mwini wakeyo atamwalira kale, komabe chikho chinapatsidwa dzina lake.

Pa masewerowa timu iliyonse imakhala ndi osewera 15, mpira wake ndi wooneka ngati dzira, ndipo amasewera kwa mphindi 80. Wosewera saloledwa kuponyera mnzake mpira kutsogolo ndi manja. Chigoli chachikulu chimatchedwa try, ndipo chimabwera wosewera akakhudzitsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa timu inayo. Pa mipikisano iwiri yoyamba try inali ndi mapointi anayi, ndipo kuyambira 1992 inakwera kufika pa mapointi asanu.

Masewero oyamba a pakati pa mayiko anachitika mu March 1871 mu mzinda wa Edinburgh, pomwe Scotland inagonjetsa England. Mu 1883 mayiko a England, Scotland, Ireland ndi Wales anayamba mpikisano wawo wa chaka ndi chaka, womwe France inalowamo mu 1910. Bungwe loyendetsa masewerowa pa dziko lonse, International Rugby Football Board, lomwe lero limatchedwa World Rugby, linakhazikitsidwa mu 1886.

Mkangano womwe unadzachedwetsa chikhochi unabuka mu 1895. Makalabu a kumpoto kwa England, komwe osewera ambiri anali anthu a m'migodi ndi m'mafakitale, anapempha kuti wosewera azipatsidwa kangachepe pa tsiku lomwe wajomba ku ntchito chifukwa cha mpira. Akuluakulu anakana, ndipo makalabuwo anapatuka ndi kuyamba mtundu wina wa masewerowa wotchedwa rugby league. Kuyambira pamenepo lamulo la rugby union linali lakuti wosewera asalandire malipiro. Akuluakulu a bungwe lija ankadziwa kuti mpikisano wa dziko lonse ubweretsa makampani, wailesi zakanema ndi ndalama zambiri, ndipo kuti osewera adzafuna gawo lawo. Chifukwa cha ichi, maganizo a chikho cha dziko lonse ankakanidwa nthawi iliyonse akabwera.

Msonkhano wa ku Paris

Zinthu zinasintha mu 1983, pamene mtolankhani wina wa ku Australia, David Lord, analengeza za chikonzero chosonkhanitsa akatswiri a mayiko akuluakulu kuti azisewera pa malipiro, kunja kwa ulamuliro wa bungwe lija. Chikonzerocho chinalephereka, koma chinaopseza akuluakulu a rugby ku Australia ndi New Zealand, omwe anaona kuti akapanda kuyambitsa okha mpikisano waukulu, ena awalanda masewerowo. Mayiko awiriwa anatuma a Nicholas Shehadie a ku Australia ndi a Dick Littlejohn a ku New Zealand kuti akakope anzawo a ku Ulaya.

Nkhaniyi inagamulidwa mu March 1985 pa msonkhano wa ku Paris. Bungweli linali ndi mayiko asanu ndi atatu, dziko lililonse ndi nthumwi ziwiri. Nthumwi za Australia, New Zealand, France ndi South Africa zinavomera. Za Scotland ndi Ireland zinakana, pomwe za England ndi Wales zinagawikana. Mavoti 10 anavomera ndipo 6 anakana. Nthumwi za South Africa zinavomera mpikisano womwe zinkadziwa kuti timu yawo siidzaloledwa kusewera.

Chifukwa chake South Africa inatsala

Timu ya South Africa, yotchedwa Springboks, inali imodzi mwa matimu awiri amphamvu kwambiri pa dziko lapansi, inayo ndi All Blacks ya New Zealand. Koma kwa anthu akuda a m'dzikolo jezi yobiriwira ya Springboks inali chizindikiro cha boma la tsankho, moti ambiri ankachemerera timu iliyonse yobwera kudzalimbana nayo.

Omvera achikulire adzakumbukira kuti dziko la Zambia linaluzapo kanthu pa mkangano umenewu. Mu 1976, patangopita masiku ochepa apolisi atapha ana a sukulu ku Soweto, timu ya All Blacks inapita kukasewera ku South Africa. Mayiko a mu Africa anapempha kuti New Zealand ichotsedwe pa masewero a Olympic a chaka chimenecho ku Montreal. Pempholo litakanidwa, mayiko oposa 20, kuphatikizapo Zambia, anabweza osewera awo. Othamanga ndi ankhonya omwe anakonzekera kwa zaka zinayi anabwerera kwawo osapikisana, chifukwa cha mpira womwe iwo sankasewera.

Chaka chotsatira, atsogoleri a mayiko a Commonwealth anasaina pangano la Gleneagles, lomwe linalimbikitsa maboma kuletsa ubale wa zamasewero ndi South Africa. Mu August 1979 atsogoleri omwewo anakumana mu Lusaka, pa msonkhano womwe wapampando wake anali a Kenneth Kaunda, ndipo anatulutsa chikalata chotchedwa Lusaka Declaration chodzudzula tsankho la mitundu. Ngakhale zinali choncho, mu 1981 Springboks inapita ku New Zealand, ndipo dzikolo linagawikana pakati. Masewero a ku Hamilton analephereka anthu otsutsa atalowa m'bwalo, ndipo pa masewero omaliza ku Eden Park ndege yaing'ono inkaponya timatumba ta ufa pa osewera. Patangopita zaka zisanu ndi chimodzi izi zitachitika, panalibe njira yakuti South Africa iitanidwe ku mpikisano wochitikira pa bwalo lomwelo.

Mpikisano woyamba: 1987

Mpikisano woyamba unachitika kuyambira pa 22 May mpaka pa 20 June 1987. Panalibe masewero a chipulula. Mayiko asanu ndi awiri a m'bungwe lija analowa mwaufulu, ndipo ena asanu ndi anayi anachita kuitanidwa: Argentina, Canada, Fiji, Italy, Japan, Romania, Tonga, United States ndi Zimbabwe. Matimu 16 amenewa anasewera masewero 32.

Dziko la Zimbabwe ndilo lokha linaimira Africa. Pa masewero ake oyamba, pa 23 May ku Eden Park, linatsala pang'ono kugonjetsa Romania, koma linagonja ndi mapointi 21 kwa 20. Yemwe anatchuka tsiku limenelo ndi Richard Tsimba, munthu wakuda woyamba kusewera m'timu ya dzikolo, amene anamwetsa ma try awiri. Pa try yachiwiri anazemba osewera angapo a Romania, koma podziponya pa mzere anavulala phewa ndipo anatuluka m'bwalo. Atatuluka, Romania inabweza mapointi ndi kupambana. Pambuyo pake Zimbabwe inagonja kwa Scotland 60 kwa 21 ndi kwa France 70 kwa 12. Tsimba anamwalira pa ngozi ya galimoto mu 2000, ndipo mu 2012 iye ndi mng'ono wake Kennedy analembedwa m'gulu la akatswiri olemekezeka a rugby pa dziko lonse.

New Zealand inaonetsa mphamvu zake kuyambira tsiku loyamba pogonjetsa Italy 70 kwa 6, pomwe John Kirwan anathamanga ndi mpira pafupifupi bwalo lonse. Masewero omwe amakumbukiridwa kwambiri ndi a ndime yachiwiri kwa yomaliza ku Sydney, pomwe France inagonjetsa Australia 30 kwa 24 ndi try ya Serge Blanco nthawi itatsala pang'ono kutha. Mu ndime yomaliza ku Eden Park, New Zealand inagonjetsa France 29 kwa 9, ndipo kaputeni David Kirk anakhala munthu woyamba kunyamula chikhocho. Grant Fox anapeza mapointi 126 pa mpikisano wonsewo. Osewera onsewa anali anthu a ntchito zina, aphunzitsi, alimi, madokotala ndi apolisi, ndipo chikho chitatha anabwerera ku ntchito zawo.

Njira yodzera ku Lusaka

Akuluakulu a rugby ku South Africa anaonera chikhocho ali kunja, ndipo anazindikira kuti boma la Pretoria silingawatsegulire khomo. Omwe mawu awo ankamveka ku mayiko akunja pa nkhani yoletsa masewero anali a chipani cha African National Congress, chomwe panthawiyo chinali choletsedwa kwawo ndipo likulu lake linali mu Lusaka. Maofesi ake anali pakati pa tauni, pafupi ndi msewu wa Chachacha, ndipo mtsogoleri wake a Oliver Tambo ankakhala ku dera la Chelstone, m'nyumba yomwe mu 2017 inatsegulidwa ngati chikumbutso cha dziko.

Mu October 1988 a Danie Craven, omwe anatsogolera bungwe la rugby la azungu kuyambira 1956, pamodzi ndi a Louis Luyt a ku chigawo cha Transvaal, anakumana mu mzinda wa Harare ndi nthumwi za ANC zochokera ku Lusaka, zomwe mwa izo munali a Thabo Mbeki ndi a Steve Tshwete. Panalinso atsogoleri a South African Rugby Union, bungwe losasankha mtundu lomwe linkatsogoleredwa ndi a Ebrahim Patel. Mbali zonse zinagwirizana kuti rugby ya dzikolo ikhale pansi pa bungwe limodzi losayang'ana khungu la munthu. A Craven atabwerera kwawo anadzudzulidwa kwambiri ndi boma chifukwa chokhala pansi ndi anthu omwe boma linkawatcha zigawenga.

Panganolo silinakwaniritsidwe msanga. A Nelson Mandela anatuluka m'ndende pa 11 February 1990, ndipo ulendo wawo woyamba wa kunja unali wa ku Lusaka kumapeto kwa mwezi womwewo. A Tshwete atabwerera kwawo anakhala mkhalapakati wa mabungwe awiri a rugby, koma mpikisano wachiwiri unafika zokambirana zisanathe.

Mpikisano wachiwiri: 1991

Mpikisano wa 1991 unachitikira m'mayiko asanu, England, Wales, Scotland, Ireland ndi France, kuyambira pa 3 October mpaka pa 2 November. Ulendo uno panali masewero a chipulula. Matimu asanu ndi atatu omwe anafika patali mu 1987 analowa osapikisana, ndipo malo otsalawo anachita kulimbiranidwa. Malo amodzi a Africa anatengedwa ndi Zimbabwe, yomwe mu 1990 ku Harare inaposa Tunisia, Morocco ndi Ivory Coast. Ku Ulaya zinthu zinaivuta, pakuti inagonja kwa Ireland 55 kwa 11, kwa Scotland 51 kwa 12 ndi kwa Japan 52 kwa 8.

Dziko la Western Samoa, lomwe silinaitanidwe mu 1987, linadabwitsa anthu pogonjetsa Wales 16 kwa 13 pa bwalo lake lomwe ku Cardiff. Australia inapulumukira pa kam'bowo ku Dublin, pomwe inagonjetsa Ireland 19 kwa 18 ndi try ya Michael Lynagh kumapeto, kenaka inachotsa New Zealand 16 kwa 6. Mu ndime yomaliza ku Twickenham inagonjetsa England 12 kwa 6, ndipo kaputeni Nick Farr-Jones analandira chikho kuchokera kwa Mfumukazi Elizabeth. Chaka chomwecho amayi anachita mpikisano wawo woyamba ku Wales, ndipo United States inatenga chikho.

Anthu ochuluka anaonera mpikisanowu pa wailesi zakanema ndipo ndalama zinalowa, koma osewera anali osalipidwabe. Madandaulo awo anayamba kumveka poyera.

Mpikisano wachitatu: 1995

Mabungwe awiri a rugby ku South Africa anaphatikizana mu March 1992, ndipo mu August chaka chomwecho Springboks inakumana ndi All Blacks ku Ellis Park mu Johannesburg ndi kugonja 27 kwa 24. Tsikulo linaonetsa kuti mabala anali asanapole, popeza nyimbo ya fuko ya boma lakale inaimbidwa mosemphana ndi zomwe anagwirizana ndi ANC. Komabe dzikolo linapatsidwa mwayi wochititsa mpikisano wa 1995, womwe unafika patangotha chaka chimodzi a Mandela atasankhidwa kukhala pulezidenti, a Tshwete ali nduna ya zamasewero. Aka kanali koyamba kuti mpikisanowu uchitikire m'dziko limodzi, ndiponso koyamba mu Africa.

Africa inali ndi matimu awiri, pakuti Ivory Coast inapambana chipulula ku Casablanca poposa Namibia, Morocco ndi Zimbabwe. Ulendo wa timuyi unali wachisoni. Inagonja kwa Scotland 89 kwa 0, ndipo pa 3 June ku Rustenburg, posewera ndi Tonga, wosewera wake Max Brito anathyoka khosi masewero atangoyamba. Anakhala wolumala mpaka imfa yake mu December 2022. Tsiku lotsatira New Zealand inagonjetsa Japan 145 kwa 17. Zinthu ziwirizi zinautsa mafunso pa kusiyana kwa mphamvu pakati pa mayiko akuluakulu ndi ang'onoang'ono.

South Africa inatsegula mpikisanowu pa 25 May ku Cape Town pogonjetsa Australia 27 kwa 18. Chester Williams, wosewera yekhayo wosakhala mzungu m'timumo, anamwetsa ma try anayi posewera ndi Western Samoa. Kenaka timuyi inagonjetsa France 19 kwa 15 mvula ikukhuthuka ku Durban. Mbali inayo kunali New Zealand ndi chiphona chake cha zaka 20, Jonah Lomu, yemwe anamwetsa ma try anayi pamene timu yake inagonjetsa England 45 kwa 29.

Ndime yomaliza inachitika pa 24 June ku Ellis Park. Panalibe try ngakhale imodzi, ndipo mphindi 80 zinatha matimu ali 9 kwa 9. Pa nthawi yoonjezera Joel Stransky anamenya mpira pakati pa mizati, ndipo South Africa inapambana 15 kwa 12. A Mandela analowa m'bwalo atavala jezi yobiriwira ya nambala 6, yofanana ndi ya kaputeni Francois Pienaar, ndipo anapereka chikho khamu la azungu likufuula dzina lawo. Jezi yomwe inali chizindikiro cha tsankho inavalidwa ndi munthu amene anakhala m'ndende zaka 27 chifukwa cholimbana ndi tsankholo.

Zomwe akuluakulu akale ankaopa zinachitikanso mwezi womwewo. Tsiku limodzi ndime yomaliza isanachitike, mabungwe a South Africa, New Zealand ndi Australia analengeza pangano la zaka khumi ndi kampani ya News Corporation ya a Rupert Murdoch, la ndalama zokwana madola 555 miliyoni a ku America. Akulu akale anati walira mvula walira matope. Pa 26 August 1995, mu mzinda womwe uja wa Paris, bungwe la rugby linachotsa lamulo loletsa malipiro, patapita zaka 100 chichitikire mpatuko wa kumpoto kwa England.

Obadwira mu Lusaka

Pa masewero otsegulira a 1995, yemwe anavala jezi ya nambala 9 ya Australia anali George Gregan, wobadwira mu Lusaka pa 19 April 1973. Anachoka m'dziko muno ali wakhanda ndipo anakulira ku Canberra. Anali m'timu yomwe inatenga chikho mu 1999 pogonjetsa France 35 kwa 12, ndipo mu 2003 anali kaputeni pamene Australia inagonja kwa England 20 kwa 17 mu ndime yomaliza. Anasewerera dzikolo maulendo 139, ndipo pomwe ankapuma mu 2007 panalibe wosewera wina aliyense pa dziko lapansi amene anafikapo pamenepo. Pa mpikisano womwewo wa 2003, kaputeni wa Springboks anali Corné Krige, yemwenso anabadwira mu Lusaka pa 21 March 1975 ndipo anakaphunzira ku Paarl. Motero mwa matimu 20 a chaka chimenecho, awiri ankatsogoleredwa ndi ana a mzinda umodzi wa dziko lomwe timu yake kunalibe.

Rugby inafika m'dziko muno nthawi ya atsamunda, ndipo inazika mizu makamaka ku migodi. Makalabu monga Diggers ya ku Kitwe, Mufulira Leopards, Nchanga ya ku Chingola ndi Roan ya ku Luanshya ndiwo anasunga masewerowa ku Copperbelt, pomwe mu likulu muno mayina odziwika ndi Lusaka Rugby Club ya ku Showgrounds, Red Arrows, Green Buffaloes ndi Nkwazi. Timu ya dziko inalowa chipulula cha chikho cha 1999 pamodzi ndi Botswana ndi Arabian Gulf, koma siinapitirire. Komwe Zambia yaonekera kwambiri ndi pa rugby ya osewera asanu ndi awiri, pomwe inasewera pa masewero a Commonwealth ku Gold Coast mu 2018 ndi ku Birmingham mu 2022.

Kuyambira 1995, South Africa yatenganso chikhochi mu 2007, 2019 ndi 2023, ndipo maulendo awiri omalizawo kaputeni anali Siya Kolisi, munthu wakuda woyamba kutsogolera Springboks. Namibia inaimira Africa pa mipikisano yonse kuyambira 1999 mpaka 2023. Mu July 2025 ku Kampala, Zimbabwe inagonjetsa Namibia 30 kwa 28 ndi kudzipezera malo pa mpikisano wa 2027 ku Australia, womwe unakonzedwa kuti ukhale wa matimu 24. Malo amenewo inawapeza patapita zaka 34 kuchokera pamene inasewera komaliza mu 1991.